Za m'Makutu pa Dedza: Nkhuku Zapulumuka, Khirisimasi Wadyedwa ndi Feteleza

Sabata ino ya Khirisimasi wa 2025 pa Dedza nkhani ili pakamwa ndi ya nkhuku. Kuyambira pa depoti, kulowa mumsika, kutsika ndi msewu wa M1 mpaka pa Chimbiya, moni akangotha funso ndi limodzi: "Kwanu munazinga?" Amene anazinga sayankha msanga, amayamba atokosa kaye m'mano kuti mudzionere nokha. Mayankho okoma ali ndi amene sanazinge. Wina akuti adokotala anamuletsa nyama. Wina akuti nkhuku yake inali pa mazira, ndipo kupha thadzi lofungatira n'kuputa tsoka. Mnyamata wina wa kabaza wakhala akuuza anzake kuti kwawo anachita kugwirizana banja lonse kuti adye nyama ya soya pofuna kusamala thupi. Anzakewo anamufunsa kuti thupi lakelo wayamba liti kulisamala, popeza pa chiwaya ndiye amapempha mafuta otsalira kuti athire pa tchipisi.

Madala a pa bawo kuseri kwa msika agamula kale mlandu: Khirisimasi anamwalira, chatsala ndi tsiku lofiira pa kalendala. Mukawapatsa mpata akuuzani za buledi wopaka majarini, tiyi wamkaka woti supuni n'kuima, mpunga umene mwana ankauona kamodzi pachaka, ndi botolo la Fanta limene linkamwedwa kuyambira m'mawa mpaka madzulo. Fantayo akatha, mwana ankathiramo madzi n'kumayendabe nalo kuti anzake adziwe kuti kwawo zinthu zinalipo. Nsapato zatsopano ankazikoleka m'khosi ulendo wonse wa kutchalitchi, kuopa matope, n'kukazivala pakhomo penipeni. Mmodzi wa madalawa akamasimba amasiya ndi bawo lomwe, mnzake n'kumudyera nkhomo iye ali m'kati mwa 1972.

Chimene madalawa amadumpha n'chakuti si khomo lililonse linkaphika mpunga, ndiponso kuti pachipata cha msika womwewu pankaima anyamata ofunsa khadi la chipani. Mukawakumbutsa zimenezi amati, "Iwe mwana, takambani zina."

Pamene akunena zoona ndi pa nkhani ya a ku Joni. Kale munthu wochokera ku migodi ankafika ndi sutikesi yachitsulo, bulangete lolemera, jekete ndi wailesi, mudzi wonse n'kukhamukira kudzaona. Kamuzu anaimitsa ulendo wa Wenela mu 1974 ndege itagwa ku Francistown n'kupha Amalawi ambiri obwerera kwawo, ndipo wa Theba umene unabwera pambuyo pake unatha mu 1988. Adzukulu awo akupitabe ku Joni, pa basi yodutsa pachipata cha Dedza pompano, kulowa Mozambique, kudzera ku Tete ndi Zimbabwe mpaka Johannesburg. Koma mu Disembala ambiri sabwera. Amene mapepala ake sali bwino amadziwa kuti kutuluka n'kosavuta, chovuta n'kubwereranso. Ndiye amangotumiza pa Mukuru. Agogo ena aakazi amene tinaima nawo pamzere wa kabenchi ka Airtel Money anadandaula kuti ndalama ya pafoni ilibe ulemu: imabwera usiku popanda odi, m'mawa yapita, ndipo palibe woyandikana naye amene angadziwe kuti mwana wako amakukumbukira. Mtsikana wa pakabenchipo anawatonthoza. "Musadandaule agogo, akudziwa. Onse aja akhala pakhonde la golosale apo akuwerenga amene akubwera pano. Mukamafika kunyumba mupeza wobwereka wafika kale." Atatero anawauza kuti kashi wamuthera, abwerenso masana.

Atelala nawo ali ndi dandaulo lawo. Kale sabata ya Khirisimasi makina ankalira mpaka usiku pa nyali ya koloboyi, telala n'kumanamiza anthu asanu tsiku limodzi kuti diresi latsala mabatani okha. Lero ntchito yambiri ndi yobweza kaunjika: kuchepetsa chiuno, kudula miyendo ya buluku, kutseka pamene panaboola ndudu ya mzungu. Kaunjikayonso wasiya kukhala wa amphawi. Mu Febuluwale 2025 ogulitsa zovalazi anayenda mumsewu ku Lilongwe mpaka ku Nyumba ya Malamulo chifukwa mtengo wa belo unkakwera sabata ndi sabata, ndalama zakunja zitasowa. Mayi wina wogulitsa zovala za ana wati makolo chaka chino amanyamula kadiresi, kukatembenuza, kufunsa mtengo, n'kunena kuti mwanayo wakula msanga sikamukwana, pamene mwana ali pomwepo ndipo kakumukwana bwinobwino.

Anawo ndiye achenjera kuposa kale. Mwambo wopempha "Khirisimasi bokosi" ulipobe, koma tsopano umayendera nkhope. Mukawapatsa Inkosi Gomani wa pa K50, ngakhale kuno kuli Angoni ake, amakuyang'anani momvetsa chisoni. Mayi Rose Chibambo a pa K200 amalandiridwa ndi dzanja limodzi. Ulemu wogwada umayambira pa John Chilembwe wa pa K2,000, ndipo amene watulutsa Kamuzu wa pa K5,000, ndalama imene inayamba kuyenda mu 2022, ameneyo ndiye amalume enieni, ena onsewa ndi anthu ongodziwana nawo. Mbiri ya dziko lino ana akuidziwa ndithu, aphunzitsi asadandaule.

Tsono nkhuku zapulumuka bwanji? Yankho lili pa chigayo, pamene amayi amakamba zoona zokhazokha chifukwa phokoso la injini limawabisa. Nkhuku sizinapulumuke, zinagulitsidwa. Mbuzi nazo zinapita. Zonse zinalowa m'thumba la feteleza. Mayi wina ananena mosapsatira kuti amene anaika Khirisimasi mu Disembala sanalimepo chimanga. Taonani nthawi yake: udzu wakula m'munda ukufuna kupalira, chimanga chafika m'mawondo chikufuna wobereketsa, m'nkhokwe mwayamba kuoneka pansi, aganyu akufuna zawo, ndipo Januwale waima pakhomo ndi yunifolomu ndi makope. Pakati pa zonsezi wina akuti gulani mpunga ndi Sobo. Mayiyo anapereka ganizo loti aphungu akakumana akasunthe Khirisimasi apite mu Juni, anthu atakolola, mbatata atagulitsa. Mnzake anamuyankha kuti aiwala kumene akukhala. Tauni ino ili pamtunda wa mamita pafupifupi 1,600, palibe tauni ina m'Malawi yokwera chotere, ndipo chisanu cha mu Juni chotsika m'phiri la Dedza sichingalole mwana wakhanda kugona modyera ng'ombe. Abusa a nkhosa a m'sewero la ana a Sande sukulu, amene amavala matumba ndi zitenje zokha, angathawe sewero lisanafike pa anzeru a kum'mawa.

Ife tikuona kuti mayi woyambayo anali ndi mfundo. Chikondwerero chenicheni cha anthu a kuno chinasamuka kale popanda kudikira aphungu. Pitani m'midzi ya kwa Kachere, kwa Kaphuka kapena kwa Kamenyagwaza pakati pa Ogasiti ndi Okutobala mukaone: zinkhoswe, maukwati, kumanga ziliza, ngoma ndi gule, thobwa m'migolo, mbuzi zikugwa Loweruka lililonse. Ena amakwera malole kupita ku Kulamba kwa Kalonga Gawa Undi ku Mkaika m'dziko la Zambia, ena ku Umhlangano wa Angoni a kwa Maseko ku Ntcheu. Nthawi imeneyo m'thumba mumakhala muli kanthu. Khirisimasi watsala ndi mapemphero, ndipo mwina ansembe a ku Bembeke sangadandaule nazo.

Nkhani ya feteleza yokhayo ingathe tsiku. Bingu wa Mutharika anayambitsa makuponi mu 2005. Boma la Tonse litalowa mu 2020 linasintha dzina kukhala AIP, thumba n'kukhala K4,495, ndipo anthu anavina. Mtengowo sunakhalitse, unakwera mpaka K15,000, chiwerengero cha olandira chikutsika chaka ndi chaka. Mu 2025 dzina lakale la FISP linabwerera ndipo thumba anati K10,000. Zonsezo n'zabwino kwa amene dzina lake latuluka. Amene silinatuluke akapeze yekha kusitolo, kumene thumba linadutsa kalekale K100,000, makamaka chichokereni Novembala 2023 pamene kwacha inagwa ndi 44 peresenti tsiku limodzi. Pamzere wogulira feteleza wotsika mtengo nkhani zake sizisintha kaya boma ndi la yani: netiweki yathawa, wokulitsa alipo koma wobereketsa sanafike, mavenda azungulira kufuna kugula zitupa za unzika kwa amene alibe ndalama yowombolera. Bambo wina wati iye analembedwa dzina maboma atatu otsatizana ndipo chimene analandirapo ndi chimfine cha pamzere. Mfumu ya m'mudzi mwake akuti masiku ano imayenda njira yakuseri, chifukwa aliyense amene dzina lake lasowa amaganiza kuti yalidya ndi iyo, chonsecho mayinawo amachokera kutali.

Alimi a mbatata ya kachewere ku Bembeke ndiwo amamva kuwawa kawiri. Mbatata imadya feteleza kuposa chimanga, ikufunanso mankhwala opopera mvula ikachuluka kuti isapse ndi chiwawu. Ikakhwima, ogula ochokera ku Lilongwe ndi Blantyre amabwera ndi matumba awo osokerera pamwamba, thumba limodzi lokhala ndi chipewa chotalika mkono wathunthu, mtengo n'kukhala wa thumba limodzi basi. Tchipisi chimene a m'tauni adya pa Khirisimasi ndi thukuta la kuno. Mlimi wina wati akamva kuti ku Lilongwe mbale ya tchipisi yakwera mtengo amasangalala, kenako amakumbukira kuti kukwerako kumathera pa Bunda Turn-off, sikufika kumunda.

Za ndale zikukambidwa motsitsa mawu pang'ono chaka chino. Dedza ndi kumudzi kwa Kongeresi kuyambira kale, kwawo kwa malemu John Tembo amene anatisiya mu 2023, ndipo zotsatira za chisankho cha pa 16 Sepitembala 2025 sizinakomere ambiri kuno. Peter Mutharika anabwerera ku mpando ndi mavoti opitirira theka, Lazarus Chakwera n'kuvomera. Mu bala ina pafupi ndi depoti, wotsatira DPP mmodzi, amene zaka zisanu zapitazi ankamwa mwakachetechete pakona, tsopano amakhala pakati. Iye ndiye ananena kuti anthu asamadandaule za nkhuku, popeza tambala wamkulu anazingidwa kale mu Sepitembala. M'balamo munati zii, mpaka mkulu wina wa Kongeresi anayankha modekha: "Zikomo achimwene. Nanga chimanga chija chili pa nsalu yanu, tikachitenge kuti? Kwathu m'nkhokwe mulibe." Anagulirana Chibuku, nkhani n'kuthera pomwepo.

Nsalu za zipani zapeza ntchito zina. Zina zatchinga mawindo, zina zikuberekera ana, zina zafunditsidwa pa matumba a mbatata. Amayi ochenjera anasunga za mitundu yonse m'sutikesi, ndipo amadziwa yovala malinga ndi amene akubwera kudzagawa ufa. Chimene anthu akuchisowa kwenikweni ndi Khirisimasi wa 2024, pamene aliyense wofuna mpando anali wachifundo. Kunali mipikisano ya mpira ya zikho, maliro ankapeza bokosi ndi galimoto usiku womwewo, makwaya ankalandira yunifolomu. Lamulo la zipani la 2018 limaletsa kugawa ndalama ndi katundu pokopa mavoti, koma chaka chimenecho zonse zinkatchedwa chithandizo. Chaka chino opambana ali ku Lilongwe, ogonja akuti akupuma, ndipo mafoni a onse awiri akuyankha ndi mayi uja wonena kuti nambala yomwe mwaimbayi siikupezeka.

Malonjezo atsopano akuwasanthula pa benchi iliyonse. La sekondale yaulere kuyambira Januwale 2026 lalandiridwa ndi manja awiri, koma makolo akufunsana kuti ulerewo ukathera pati: yunifolomu, nsapato, makope, nanga wogonera konko adya chiyani? Amene anaona pulayimale yaulere ya Bakili Muluzi mu 1994 akukumbutsa anzawo kuti ana anakhamukira kusukulu oposa miliyoni imodzi nthawi imodzi, makalasi n'kusamukira pansi pa mitengo. Pa Dedza mitengo yake ndi ya paini, ndipo nayonso yatha ndi macheka. Lonjezo lina, loti thumba la chitukuko cha m'dera la phungu aliyense lifike K5 biliyoni, ladzutsa maloto ambiri. Anyamata atatu oitanira minibasi alengeza kale kuti 2030 akuimira. Mmodzi wayamba kuyeserera kuyenda ndi manja kumbuyo.

Minibasizo ndiye musanene. Petulo anachoka pa K2,530 kufika pa K3,499 lita imodzi mu Okutobala 2025, ndipo makondakitala anakweza mtengo uthenga usanathe kuwerengedwa pa wailesi. N'chifukwa chake abale ambiri a m'tauni chaka chino sanabwere kumudzi, ngakhale kuchokera ku Lilongwe ndi makilomita 85 okha. Amene anabwera ndi a magalimoto awo, ndipo ambiri a iwo anakhotera ku Dedza Pottery kukamwa khofi ndi kujambulitsa, ena n'kupitirira kukaona zojambula za makolo m'mapanga a ku Chongoni, zimene UNESCO inaziika m'kaundula wake mu 2006. Kumudzi anangodutsako mphindi zochepa, injini ili chilirire, kusiya shuga paketi imodzi n'kunyamula thumba la mbatata, nyemba, mapichesi ndi nkhuku yamoyo. Azakhali ena akuti akawerengera bwinobwino, amene anapereka Khirisimasi bokosi ndi iwo.

Abambo ali ndi mlandu wina umene akuusunga mumtima kuyambira pa 15 Okutobala. Akuti Tsiku la Anakubala lalanda ufumu wa Khirisimasi. Kale linali la chitenje chimodzi ndi paketi ya shuga. Lero amayi amayamba kusonkha miyezi ingapo m'magulu awo a banki m'khonde ndi a kumpingo, kusoketsa nsalu yofanana, kuchita hayala minibasi, m'mamawa n'kutsika Khwekhwerere kudzera ku Golomoti ulendo wa kunyanja, ena ku Mangochi ena ku Salima. Amabwerako usiku mawu atasasa ndi kuimba, zithunzi zili mbwee pa WhatsApp, ena atavala makabudula amene pa Dedza sanaonekepo. Bambo wina wati tsiku limenelo anaphika yekha nsima, ana n'kuikana. Wafunsa kuti tsiku la abambo lili kuti pa kalendala ya boma. Mkazi wake, amene amagulitsa tomato pafupi pomwepo, anamuyankha osatembenuka n'komwe: "Bambo ake, lanu ndi Lachisanu lililonse."

Pa nkhani imeneyi ife tili mbali ya amayi. Ndalama yake amasonkha okha, ndipo nthawi yake ndi yabwino chifukwa mvula imakhala isanagwe. Maholide ena amasintha ndi boma. Nthawi ya Kamuzu pa 14 Meyi linali tsiku lake. Muluzi atalowa analichotsa, n'kuika la ufulu pa 14 Juni pokumbukira riferendamu ya 1993, komanso la Chilembwe pa 15 Januwale. Bingu anabwezeretsa la Kamuzu, la mu Juni lija n'kuzimiririka. Pa 3 Malichi, tsiku lokumbukira amene anafera ufulu mu 1959, akuluakulu amasimba kuti dziko linkati zii: wailesi ya MBC nyimbo zachisoni zokhazokha, kumunda osapita, mowa osamwa, ndipo wopezeka akuchapa kapena kuseka mokweza ankakayankha kwa a Payoniya. Lero pa 3 Malichi ndi tsiku lochapa mabulangete ndi kuonera mpira. Mphunzitsi wina wopuma ntchito wati zimamupweteka mtima, koma anavomereza kuti kulira kokakamiza kuja nakonso sikunali kulira.

Za kumalire n'zachidule. Amene ali ndi abale ku Angonia akuti tsidya ilo zinthu zilipo, vuto ndi kwacha imene ikafika pa Calomue imachita manyazi pamaso pa metikashi. Njinga zamoto zodutsa njira zachidule sizinapume tsiku la Khirisimasi, ndipo palibe amene akudziwa chimene zinanyamula, ngakhale aliyense anagulako.

Tsopano maso ali pa Nyuwere. Kale pakati pa usiku anthu ankamenya zitini ndi mabeseni, kukuwa kuti chaka chapita, agalu n'kuthawira kuphiri. Masiku ano ambiri amachezera kutchalitchi, ndipo mipingo ina yapachika kale zinsalu zolonjeza kuti chaka chikubwerachi ndi cha kutukuka, monganso zinalonjezera za chaka chathachi. Eni mabala sakudandaula, akuti mapemphero amatha 1 koloko ndipo njira yochokera kutchalitchi imadutsa pakhomo pawo.

Nkhani imene yavuta kwenikweni ndi ya gulu lina la abambo a m'dera lina kuseri kwa chipatala. Anagwirizana mu Januwale kuti azisonkha mwezi ndi mwezi agule ng'ombe yoti adzagawane pa Khirisimasi. Pofika Juni ng'ombe inasanduka nkhumba. Pofika Okutobala, ena atasiya kusonkha ndipo msungichuma atabwerekako pang'ono za feteleza, nkhumba inasanduka mbuzi. Mbuziyo inagulidwa ndithu, koma pa 24 Disembala anthu khumi ndi awiri atazungulira ndi mabeseni, wapampando anaiyang'ana, n'kuyang'ana mabeseni, n'kulamula kuti iyambe yanenepa kaye mpaka Nyuwere. Pakali pano ikusungidwa kwa wapampandoyo, ndipo mamembala akusinthana kukaiona m'mawa ndi madzulo, chifukwa palibe akukhulupirira mnzake. Dzulo kwamveka mphekesera yoti mbuziyo ili ndi bere. Theka la gulu likuti aisiye iswe, chaka chamawa adzakhale ndi ziwiri. Theka linalo likuti amene anagula mbuzi yaikazi abweze ndalama. Msonkhano aitanitsa Lachiwiri madzulo, ndipo msungichuma watumiza kale uthenga kuti ali ku maliro ku Lobi.